Timiyala tofiira m'mwala wa ku Lunzu: kodi ndi garnet, nanga tingagulidwe?

Wakulunzu:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pa mwala womwe tikuswa wa maziko a nyumba pakupezeka timibulu tofiira moderako, tina ngati njere ya nandolo, tina ngati nzama. Mwalawo ndi wotuwa, wa mizeremizere yoyera ndi yakuda, ndipo umanyezimira padzuwa. Ena akuti ndi ruby, ena akuti garnet. Ndisiyanitsa bwanji, ndipo ndidziwa bwanji ngati n'toyenera kudula, kutanthauza kusema kuti tikhale miyala ya mphete ndi zokongoletsera zina?

Chisomo_Miyala:
Achimwene, mwala wa mizere wotero ndi gneiss, ndipo garnet amapezekamo kwambiri kuno kumwera. Yambani ndi maonekedwe. Tsukani kamodzi ndi mswachi, muwerenge nkhope zake. Garnet amakula mobulungira ngati kampira kosemedwa, nkhope 12 zonga daimondi wa pa makhadi a juga, kapena 24. Ruby sabulungira chotero: amakhala wa mbali 6, ngati kamgolo kapena kambale. Garnet akasweka, pomwe wasweka pamaoneka ngati botolo losweka, sagawanika mosalala.

Pa muyeso wa kulimba kwa miyala wa 1 mpaka 10, garnet ali pakati pa 6.5 ndi 7.5, galasi 5.5, quartz (mwala wamba wonga galasi) 7, ruby 9. Choncho kukanda botolo sikutsimikiza kanthu, onse awiri amalikanda. Yesani pa quartz woyera wosalala: ruby amasiya mzere wakuya mosavuta, garnet amangoterereka kapena kusiya kachizindikiro kosaoneka bwino. Pukutani ndi chala chonyowa, chifukwa nthawi zina chooneka ngati mzere chimakhala ufa wa mwala wanu womwe. Yeserani kachidutswa koipa, osati kabwino.

Kenako kulemera. Pafunika sikelo ya dijito yowerenga mpaka 0.01 g, kapu ya madzi ndi ulusi. Yezani mwala uli wouma. Ikani kapu ya madzi pa sikelo, bwezani pa ziro, mangani mwala ndi ulusi n'kuumiza wonse koma osakhudza pansi kapena m'mbali, kenako werengani nambala ya pa sikelo. Gawani nambala yoyamba ndi yachiwiri. Mwachitsanzo 4.8 kugawa ndi 1.2 ndi 4.0. Garnet amagwa pakati pa 3.5 ndi 4.3, quartz 2.65, galasi la botolo pafupifupi 2.5. Chimasokoneza anthu apa ndi mwala wotuwa wotsalira pa kambulu, umatsitsa nambala. Thovu lomatirira ku ulusi nalonso limanamiza, ndipo kamwala kosakwana galamu imodzi sikapereka yankho lodalirika.

Mai a Tadala:
Achemwali afotokoza bwino, koma pa sikelo musadalirepo posiyanitsa ndi ruby, pakuti naye amagwa pa 4.0. Sikeloyo imangochotsa galasi ndi quartz. Chothandiza ndi maginito amphamvu a neodymium, aja opezeka mu hard drive yakale. Garnet wofiira moderako, almandine, ali ndi chitsulo chambiri. Ikani kambulu pa kachidutswa ka sitairofomu koyandama m'beseni, yandikizani maginito: kamatsatira ngati bwato. Ruby amangokokeka pang'ono, kapena osakokeka n'komwe. Njira ina: tsegulani tsamba loyera pa laputopu, valani magalasi a dzuwa a polaroid, pendekani mutu mpaka sikirini ide, ndiye zungulizani kachidutswa kolowa kuwala patsogolo pake. Ruby amawala n'kuda kanayi pa kuzungulira kumodzi. Garnet amangokhala wakuda, kapena kuonetsa timizere toyendayenda ngati njoka.

Ruby wa kwathu kuno wodziwika ndi wa ku Chimwadzulu, ku Ntcheu, ndipo mwala wake si uwu mukufotokozawu.

Gogo Wodula:
Funso lenileni ndi lachiwirilo, ndipo ndinene mosabisa, mwana wanga: garnet wa mu gneiss wambiri sakhala woyenera kudula. Amakula atameza tinthu ta quartz ndi mica (tizidutswa tonyezimira ta m'mwala), ndipo amakhala ndi ming'alu yambiri. Wotere ntchito yake ndi sandipepa ndi mchenga wodulira zitsulo, amagulidwa pa matani.

Pimani motere. Nyowetsani kambulu ndi madzi kapena kadontho ka mafuta ophikira, lowani m'chipinda cha mdima, gundikizani tochi ya foni kumbuyo kwake. Mng'alu umang'anima ngati kaphiko ka chiswe, zinyalala zimaoneka ngati timadontho takuda. Zungulizani mbali zonse, poti mng'alu umabisala mukauyang'ana chammbali. Mukufuna malo oyera opanda chilema okwana mamilimita 5 kapena 6 mbali zonse.

Koma tochi imanyenga. Imafiiritsa ngakhale mwala umene ukadulidwa udzaoneka ngati khala. Ndiye tulukani panja, pamthunzi, ikani kamwalako pa pepala loyera popanda tochi. Ngati kufiira kukuonekera mpaka kugwera pa pepala, ameneyo ndi mwala. Ngati kakuoneka kakuda, kadzadabe ngakhale wodula akhale katswiri. Mtundu wofunidwa ndi wofiira mopita ku pepo, rhodolite, ndi wa olenji, spessartine. Wofiira mopita ku khofi ndi wotchipa.

Werengeraninso zotayika. Galamu imodzi ndi ma carat 5, ndipo podula pamatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 kapena 5. Kambulu koyera ka galamu imodzi kakupatsani mwala wa carat imodzi basi.

Chonde musamenye nyundo pa kambulu, komanso musawotche mwalawo ndi moto, mudzaonjeza ming'alu. Gobani ndi tchizulo chaching'ono masentimita 2 kutali nako. Kunena zoona, abwino sapezeka kawirikawiri m'mwala wolimba. Pitani kakhwawa ka kumunsi kwa malowo, tapani miyala ya pansi penipeni, sefani m'madzi mukugwedeza chokweza ndi chotsitsa, kenako gubuduzani sefa pa thumba. Zolemera zimasonkhana pakati, pamwamba pa mulu. Ong'aluka anaphwanyika kale ndi madzi, otsalawo ndiwo olimba.

Chisomo_Miyala:
Kuonjezera pa za agogo: mukapeza 5 kapena 6 odutsa pa pepala loyera, musathamangire mavenda. Apititseni ku Geological Survey, nthambi ya boma yoona za miyala, ku Zomba akaonedwe ndi zipangizo. Ndipo kukumba kapena kugulitsa miyala yamtengo wapatali kumafuna chiphaso cha boma, ngakhale malowo ali anu, choncho mukafunsiretu konko musanayambe dzenje.