Nyale yanji ingakwanire chamba chachimuna m'kakabati?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Johannesburg, komwe kuyambira 2018 khoti linalola munthu wamkulu kudzala chamba chogwiritsa ntchito yekha pakhomo pake. Ndili ndi mbewu yakumudzi, yaitali ija yochedwa kukhwima, ndipo sindikufuna kuti mtundu wake undithere. Ndiye ndapatula mitengo iwiri yaimuna kuti nditengeko mungu.

Ndaiika m'kabati ya zovala, yopapatiza kwambiri, kutali ndi yaikazi, poti mungu umauluka ngati fumbi ndipo ukangofika kwa yaikazi yonse imadzaza njere. Za maola ndikudziwa: 12 kuwala, 12 mdima, kuti iyambe maluwa. Pandisokoneza ndi pa nyale. Ena akuti yaimuna safuna kuwala kwambiri chifukwa sitikufuna maluwa onenepa, bola timatumba ta mungu titseguke. Kodi mababu a LED a m'nyumba, atatu kapena anayi, angakwanire? Nanga atalikirane bwanji ndi nsonga? Mtundu umenewu ukayamba maluwa umathamangira m'mwamba, ndikuopa kuti ugunda babu n'kupserera.

China ndi mpweya. Ndikatseka chitseko m'kati mumachita chinyezi, chomwe chimapha mungu. Ndikayatsa fani, mungu umwazika nyumba yonse. Inu mumatani?

Timatumbato tayamba kulendewera, tikadali tobiriwira. Ndidule nthambi n'kuziika m'kapu ya madzi, pepala pansi, kapena ndidikire titseguke pamtengo pomwepo? Ndipo amene munasungapo mungu mufiriji, munaumitsa bwanji musanautsekere m'kabotolo?