Ntchito ndimaidziwa, koma akuti mtima wanga ndi wapachala. Ndithandizeni

A admin, chonde mubise dzina langa, anzanga ambiri a ku ofesi ali pa gulu pomwe pano.

Ndine mayi wa zaka 38, ndimagwira ntchito m'boma pa ofesi ina m'chigawo chapakati. Ndinalowa ndi dipuloma pa giredi K, ndipo chino ndi chaka cha 11 ndili pomwepo. Pakatipa ndinalimba mtima n'kuphunzira digiri Loweruka ndi Lamlungu, fizi ndikulipira ndi ngongole ya ku SACCO. Ku intavyu ndapitako kawiri, konse osaphula kanthu. Mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndine kutsegula fayilo ndi kulemba memo pano ali pa giredi I, pamwamba pa ine. Sindimuchitira nsanje, ndi mwana wabwino, koma zimawawa.

Chandilembetsa si giredi ayi. Lachiwiri lapitali kunabwera bambo wina wachikulire kudzatsatira ndalama za mwana wawo, malemu, yemwe anali mphunzitsi. Unali ulendo wawo wachinayi. Amachokera kutali, amayamba ndi kabaza kenako minibasi, mapepala atawakulunga mu jumbo. Fayilo yawo inali isanabwerere kuchokera kulikulu. Tsiku limenelo netiweki inali itagwa kuyambira m'mawa, malipiro athu anali atachedwa, ndipo mwana wanga anali atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Bambowo atamva zoti abwerenso anakweza mawu pamaso pa anthu onse amene anali pa benchi, amvekere: "Inu a m'boma mumadya ndalama za akufa." Ine magazi anathamanga. Ndinawayankha kuti ngati akuona kuti wadya ndine apite kupolisi, asandisokoneze mutu.

Sanabwezenso. Anavula chipewa, anabwezera mapepala awo mu jumbo muja, n'kunena kuti "zikomo mwanangu", basi n'kutuluka. Zikomo ameneyo mpaka lero akundisowetsa tulo. Bambo anga omwe akanakhala moyo bwenzi ali a msinkhu womwewo.

Madzulo ake bwana anandiitana. Sanakalipe. Anati, "Mayi, ntchito mumaidziwa kuposa tonse muno, koma mtima wanu ndi wapachala. Amesenjala amayamba afunsana kaye ngati mwadzuka bwino asanagogode pakhomo panu." Anandikumbutsanso za tsiku lina pamene ndinawakonza ziwerengero pa miting'i, alendo ochokera ku Lilongwe ali pomwepo. Ziwerengerozo zinalidi zolakwika, ndipo iwo anavomera. Koma akuti kuyambira pamenepo amaganiza kawiri asananditume kukaimira ofesi.

Tsono apa ndi pamene mutu wanga waima. Anthu amene ndimawaona akuyamikiridwa kuti ali ndi khalidwe, ambiri ndi a "inde bwana". Amaona cholakwika n'kuyang'ana kumbali, amasaina alawansi ya wekishopu yomwe sanapondeko. Ngati kuugwira mtima ndi kumeneko, ine ayi, bola ndipumire pa giredi K pomwepa. Koma zomwe ndinawachita bambo aja sizinali chilungamo, unali ukali chabe.

Inu amene mwakhalitsa m'boma, munthu amaphunzira bwanji kuugwira mtima popanda kusanduka wa "inde bwana"? Kodi zimaphunzirika munthu atakula kale, kapena ndi chibadwa? Ndipo bambo aja ndiwatani?

Bambo wopuma ntchito, Zomba:
Mwanangu, ndinagwira m'boma mpaka kupuma pa zaka 60, ndipo pa unyamata wanga ndinali ngati inu. Ndikuuzeni chimene ndinachedwa kuchizindikira. Munthu wobwera ku ofesi atakwiya sakwiyira inu. Sakudziwani n'komwe. Wakwiyira thiransipoti yomwe wakongola, maliro omwe sanawaiwale, ndi mawu akuti "mubwere mawa" omwe wawamva kwa anthu asanu inu musanafike. Inu ndinu nkhope ya boma imene waipeza pafupi. Mukazidziwa zimenezi mawu ake salowa mpaka m'mafupa.

Ine ndinkachita chonchi. Ndinkamupatsa mpando kaye, chifukwa munthu atakhala pansi savuta ngati woimirira. Ndinkamusiya alankhule mpaka mpweya uthe, osamudula. Kenako ndinkabwereza nkhani yake m'mawu anga kuti aone kuti ndamva, ndipo ndinkamuuza zoona: fayilo ili pakuti, yaima chifukwa chakuti, ine mphamvu zanga zikuthera apa. Anthu amapirira kudikira, chomwe sapirira ndi kusadziwa.

Za bwana wanu, munalondola pa ziwerengero koma munaphonya malo. Mukanalemba pa kapepala n'kuwapatsira pansi pa tebulo, akanadzikonza okha ndipo akanakusungirani ulemu umenewo mpaka kale. Chilungamo n'chomwecho, chasintha ndi khomo lolowera.

Namwino, Mzuzu:
Achemwali, ndakumvani kwambiri pa za malipiro ndi fizi ya mwana. Ife ku wodi timakumana nazo tsiku ndi tsiku, odikirira odwala kutikalipira chifukwa cha mankhwala omwe sitigula ndife. Chimene chinandithandiza ine ndi kudziwa zizindikiro zanga. Ndikayamba kumva kutentha m'makutu, mawu n'kuyamba kukwera, ndimadziwa kuti zatsala pang'ono. Ndimati "mundidikire pang'ono", ndimatuluka, ndimamwa madzi, n'kubwerera. Mphindi ziwiri zokha. Komanso muziyang'ana masiku amene mumapsa mtima msanga. Ine ndinapeza kuti ndi masiku amene ndachoka kunyumba osadya kapena ndagona ndi nkhawa ya ngongole. Ngati mukuona kuti ukaliwo ukufika mpaka kunyumba kwa ana, kukaonana ndi aphungu si misala ayi. Kuno a St John of God amathandiza anthu pa nkhani zotere, ndipo ku Lilongwe aliko.

Membala wina:
Tisanamizane apa. M'boma anthu sakwezedwa chifukwa chomwetulira. Malo akakhala kulibe ndiye kuti kulibe, ndipo ena timawadziwa mmene anakwerera. Mayiwa asadziimbe mlandu pa zonse. Komanso kufatsa kumeneku n'komwe kunatipweteka. Cashgate ija ya 2013 inadutsa m'manja mwa anthu angati amene anaona koma anasankha kukhala bwino ndi mabwana? Ine bola wa mtima wapachala woona kusiyana ndi wofatsa wakuba.

Bambo wopuma ntchito, Zomba:
Achimwene, pa za malo simukunama, ndipo palibe amene akuwalonjeza mayiwa giredi. Koma mwasakaniza zinthu ziwiri. Amene anakhala chete pa Cashgate anali amantha kapena anadya nawo. Woleza mtima ndi wina. Kukana kusaina chinthu chokhota kumafuna munthu wodekha, wotha kunena kuti "bwana, ichi sindisaina, chifukwa chake ndi ichi, ndipo ndalemba", mawu osanjenjemera. Wokalipa savuta kumuchotsa. Amangomulembera kalata ya mwano, nkhani ya ndalama ija n'kuiwalika, anthu n'kumakamba za khalidwe lake.

Wa ku ofesi yoona za ogwira ntchito:
Kuwonjezera pang'ono. Pa intavyu ya giredi yoyang'anira anthu samangofunsa za MPSR, malamulo a ogwira ntchito m'boma aja, ndi malamulo a kasungidwe ka ndalama. Amafunsanso kuti wantchito wanu akamabwera ataledzera mungatani, kapena awiri akayambana mu ofesi. Amayang'ana ndi mmene nkhope yanu ikusinthira akakupanikizani ndi funso. Mufunsenso ku ofesi kwanu za maphunziro aafupi a utsogoleri ku Malawi School of Government, ku Mpemba kapena ku Kanengo. Ndipo dziwani kuti bambo ngati amene munawakalipira aja ali ndi ufulu wokadandaula kwa Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a anthu pa ntchito za boma, kotero kukonza zinthu msanga n'kwabwino kwa inu nomwe.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndawerenga lililonse, ena kawiri. Bambo a ku Zomba, mawu anu akuti ndine nkhope ya boma imene anaipeza pafupi andigwetsa misozi pa desiki pano. Lero ndaimbira kulikulu katatu mpaka ndapeza pamene fayilo ija yaima: pakusowa kalata imodzi yochokera kwa amfumu, ndipo pa maulendo anayi onsewo palibe anawauza, ngakhale ineyo. Nambala ya mdzukulu wawo ndaipeza pa fomu. Ndikufuna ndiimbe mawa m'mawa kuti asawonongenso thiransipoti pachabe. Koma ndiyambe ndi chiyani, kupepesa kapena za kalatayo? Ndipo kupepesa kwa munthu wamkulu chonchija pa foni n'kokwanira, kapena ndidikire adzabwere ndidzawapepese pamaso pa anthu a pa benchi paja pomwe ndinawanyozera?