Msuzi wa phở ukundikanika kuyera, thandizeni

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikupempha thandizo pa kaphikidwe ka phở, chakudya cha ku Vietnam cha manudozi a ufa wa mpunga omwe amadyera mu msuzi wa mafupa a ng'ombe. Ndinachilawa koyamba mwezi watha pa lesitilanti ina yatsopano kuno ku London, ndipo msuzi wake unali woyera mbee moti pansi pa mbale pankaoneka, uku timagawo ta nyama yaiwisi tikupsa ndi kutentha kwa msuziwo ine ndikuona.

Ndayesa kawiri kunyumba, koma wanga ukutuluka wakuda ngati madzi a mumtsinje nthawi ya dzinja. Ndinawiritsa mafupa maola 6, ndinawotcha anyezi ndi jinja pamoto mpaka khungu kupserera, kenaka ndinathira star anise (chokometsera chakudya chooneka ngati nyenyezi), sinamoni ndi nước mắm, msuzi wa nsomba uja wonunkha kwambiri. Ulendo wachiwiri ndinkayengula thovu pafupipafupi, komabe sizinasinthe. Woperekera zakudya wa pa lesitilanti ija nditamufunsa anangomwetulira basi.

Kodi mafupawa ndiyambe ndawawiritsa mphindi zochepa n'kutaya madzi oyambawo, kapena vuto ndi moto waukulu? Nanga pa kilogalamu imodzi ya mafupa, madzi akhale malita angati?