Spacebar yanga ikulira ngati chitini, ndipange bwanji?

Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndamanga kiyibodi yanga yoyamba, ya 65% (yaing'ono, yopanda mabatani a manambala a kumbali ndi mzere wa ma F), yotchipa ndithu koma ya hot-swap (ma switch, tizipangizo ta pansi pa mabatani, amangolowetsedwa ndi dzanja), moti sindinawotcherere kalikonse. Ndaikamo ma switch a Gateron Yellow, ndipo ndinachezera usiku wonse kuwapaka mafuta a Krytox 205g0 imodziimodzi mpaka khosi kuwawa. Mabatani a zilembo akumveka bwino kwabasi.

Vuto ndi spacebar. Ndikaidina chakumanzere imachita phokoso ngati chitini chopanda kanthu, chakumanja ili phee. Ma stabilizer ake (tizipangizo tokhala ndi waya tothandiza kuti batani lalitali lisapendekeke) ndi okolowekera pa plate (bolodi logwira ma switch), ndipo ndawapaka mafuta kawiri konse. Kodi waya wake ndi wopindika, kapena akugwedera pa plate pomwepo? Ngati ndi waya, inu mumauwongola bwanji osauwononga? Kapena ndingogula omangira ndi masikuluwu pa PCB (bolodi la magetsi la pansi pa plate), poti mabowo ake alipo?