Kodi kafukufuku wa mankhwala atsopano a CAH angatifike kuno ku Zomba?

Makolo anzanga ndi azaumoyo, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wa zaka 6 anabadwa ndi matenda a congenital adrenal hyperplasia (CAH). Thupi lake silipanga homoni ya cortisol yokwanira, komanso limataya mchere. Amamwa hydrocortisone katatu pa tsiku pamodzi ndi fludrocortisone. Nkhawa yanga ndi yoti hydrocortisone akachuluka amapinimbiritsa mwana.

Mu Disembala 2024 ku America anavomereza mankhwala atsopano a CAH otchedwa crinecerfont atawayesa pa ana ndi akulu omwe. Amathandiza kuchepetsa mlingo wa hydrocortisone, osati kumusiyiratu ayi.

Kodi alipo dokotala ku Zomba Central kapena ku Queens amene amatsatira kafukufuku wotere? Mwana wa kuno kwathu angalowemo bwanji, nanga zolipira zimakhala za ndani? Timakhala ku Chinamwali, koma ku Blantyre tikhoza kupita.