Ndi pulogalamu iti yothandiza pa mashopu a lendi?

Abale anga, ndili ndi mashopu ochititsa lendi ku Limbe ndipo ndikufuna kugula nyumba ina ya maofesi. Pakadali pano zonse ndimalemba mu Excel, koma zayamba kundikulira. Ena amalipira pa Airtel Money, ena pa Mpamba, ena ku banki, ndiye kutsata amene ali ndi ngongole kumavuta. Palinso msonkho wa MRA ndi wa kukhonsolo.

Kodi pulogalamu ya pakompyuta yowerengera ndalama ngati QuickBooks kapena Sage ingakwanitse zimenezi, n'kundithandizanso kuwerengera phindu la nyumba ndisanaigule? Chikundiopsa ndi kulipira mwezi ndi mwezi mu madola, poti kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023. Inu amene muli m'bizinesi imeneyi mukugwiritsa ntchito chiyani, ndipo imagwira popanda intaneti?