Ndikufuna kuchepetsa zinyalala pa lendi, koma ndiyambire pati?

Mayi wa ku Bangwe:

Moni nonse. Ndabwera ndi funso lomwe lakhala likundisowetsa mtendere, mwina alipo wina pano amene anadutsamo kale.

Timakhala pa lendi ku Bangwe, ine, bambo a kunyumba ndi ana awiri, wamng'onoyo akadali wa matewera. Pa poloti pathu pali mabanja asanu, koma dzala ndi limodzi, kuseri kwa bafa. Galimoto ya zinyalala singalowe kwathu, kanjira kake ndi kopapatiza. Dzala likadzaza timaliyatsa madzulo, ndiye silimayaka bwinobwino, limangofuka mpaka usiku, utsi n'kumalowa m'nyumba, mwana wanga wamkulu n'kumatsokomola. Mvula ikabwera, zomwe sizinapse zimakokolokera m'ngalande, majumbo n'kutseka pa kalavati, madzi akuda n'kubwerera pakhomo pomwe ana amasewera.

Pa Facebook ndimaona anthu akunja akuonetsa kabotolo kamodzi, akuti zinyalala zawo za chaka chathunthu ndi zomwezo, moyo wa zero waste, wosataya zinyalala. Ndimasirira, koma ndikatembenukira pakhomo panga ndimagwa mphwayi. Bambo a kunyumba amayendetsa kabaza, ndalama imabwera ya tsiku. Ndiye mafuta ndimagula a m'kachubu, shuga woyeza m'kapepala, sopo waufa wa timapaketi, tomato m'jumbo yake, bonya m'jumbo yake, makala m'jumbo yake. Pofika madzulo mapepala ali mbwee.

Sindikufuna kudzilonjeza zinthu zazikulu zoti ndizisiye mwezi usanathe. Ndikufuna cholinga chomwe munthu wa ndalama ya tsiku, wopanda dimba, wokhala pa malo a eni, angachikwanitse. Ndiyambe ndi chiyani? Nanga ndidziwa bwanji kuti zikuyenda?

Mphunzitsi wopuma, Zomba:

Mayi, mwafunsa bwino. Kabotolo kajako musakayese muyeso wanu. Ku Japan kuli tauni yaing'ono ya m'mapiri, dzina lake Kamikatsu, yomwe mu 2003 idalengeza kuti pofika 2020 idzakhala itasiya kuwotcha ndi kukwirira zinyalala. Anthu a kumeneko amasankhula zinyalala zawo m'magulu oposa 40, amatsuka ndi timapaketi tomwe asanakatule. Chaka cha 2020 chidafika ali pa magawo pafupifupi 80 pa 100 alionse. Ndi ntchito yotamandika kwambiri, koma ngakhale iwowo, tauni yonse itagwirizana, sadafike pothetseratu. Inu muli nokha ndi mwana kumbuyo, ndiye cholinga chanu chikhale choti mutha kuchiona ndi maso.

Sabata yoyamba musasinthe kalikonse pa kagulidwe kanu. Ingopezani ndowa ziwiri zakale, ina ya zowola, ina ya zosawola. Ikatha sabata muzinyamule. Mudzapeza kuti majumbo ndi ambiri pa maso koma ndi opepuka. Cholemera ndi makoko a mbatata ndi a nthochi, zosadzula za nkhwani, timitengo ta mpiru, masamba a tiyi, makoko a mazira, zitsononkho, phulusa la mbaula ndi zosesa pabwalo. Zimenezi ndizo zimadzaza dzala msanga, ndizo zimanunkha ndi kuitana ntchentche. Ndipo utsi womwe mukudandaula uja gwero lake lina ndi lomweli: zinyalala zonyowa zimalepheretsa moto kuyaka, pulasitiki n'kumangonyeka pang'onopang'ono usiku wonse.

Ndiye cholinga choyamba ndikanati chikhale ichi: pofika kumapeto kwa mwezi, chowola chilichonse chochokera m'nyumba mwanga sichipitanso kudzala. Chimodzi chokhacho. Mukachikwanitsa, ndowa yanu yopita kudzala ipepuka moti mudabwa.

Dimba silikufunika. Tengani thumba lakale la feteleza kapena la chimanga, mulibowole timabowo m'mbali kuti mpweya uzilowa. Pansi yalani zouma: masamba a mango ogwa, udzu wouma, kapena katoni yong'ambang'amba. Pamwamba pake thirani za kukhitchini, zikuluzikulu muzidule, kenaka muwaze dothi lodzaza dzanja limodzi, mubwerezenso zouma. Tsiku lililonse mukathira zaziwisi muzivundikira ndi zouma, ntchentche siziona pofikira. Chinyezi mumachiyesa m'manja: mukafinya zigwirane koma madzi asachuche. Zikayamba kununkha ngati zovunda ndiye kuti madzi achuluka, onjezerani zouma ndipo muvundule. Mukapeza kuti zangouma gwa, sizikusintha, wazani madzi otsukuluzira ndiwo zamasamba. Phulusa muziika pang'ono chabe, lambiri limathawitsa mphamvu ya manyowa. Nyama, mafupa, minga ya nsomba ndi zamafuta musaikemo, mungaitane makoswe ndipo aneba angakudeni. Muzivundula pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Thumba likadzaza mulimange mosathinitsa, muyambe lina. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mudzapeza dothi lakuda, lofewa, lonunkhira ngati m'nkhalango mvula itangogwa.

Manyowawo sakanizani ndi dothi m'thumba lina, mudzalemo mpiru kapena anyezi wamasamba pakhonde. Ine pano masamba a m'matumba amatithandiza kwambiri mwezi ukafika pakati.

China ndi chakudya chenichenicho. Mkute si chinyalala, m'mawa umalowa ndi tiyi, ukakanika nkhuku za aneba zilipo. Masamba akatchipa pamsika, futsani. Amayi athu mfutso ankasunga m'zikwatu mpaka chilimwe, osataya ndi tsamba limodzi lomwe.

Wa geni ya tomato, Limbe:

Aphunzitsi afotokoza za manyowa, ine ndinene za jumbo poti ndine ndimaipereka tsiku ndi tsiku.

Asisi, dziwani kuti jumbo ife timachita kugula, ndipo imadya phindu lathu. Kasitomala amagula mulu umodzi wa tomato, akufuna jumbo. Anyezi awiri, jumbo inanso, ati zisasakanikirane. Ukamukaniza amapita kwa mnzako wa pafupi. Ndiye munthu akabwera ndi basiketi kapena dengu lake ine ndimakondwa, basera ndimamuikira yooneka.

Lamulo liliponso. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikuloni 60, mu 2015. Makampani opanga adathamangira ku khoti, mpaka mu 2019 bwalo lalikulu la apilo lidagamula kuti chiletsocho chigwire ntchito, koma nkhani idapitirirabe kukokanakokana m'makhoti. Ife a pamsika ndi amene timapanikizika pakati, wogula akufuna jumbo, lamulo likukana. Mukabwera ndi chanu mwatipeputsa.

Wina asakuuzeni kuti muzigula zinthu zambiri nthawi imodzi kuti mapepala achepe. Amene amanena zimenezo amalandira pamwezi. Inu pitirizani kugula za tsiku, chosintha chikhale chotengera. Chitenje chothaitha pitani nacho kwa telala akusokereni kachikwama ka zingwe, kamapindika n'kulowa paliponse. Mafuta, tsukani kabotolo kanu kokhala ndi chitsekerero, woyeza amathira momwemo, muyeso ndi womwewo, ndipo simutaya aja amatsalira m'makona a chubu. Bonya, nyemba ndi shuga, kontena ya majarini yotha. Makala, ndowa. Mwana mukamutuma mandasi kapena tchipisi mupatseni mbale yovundikira, zamoto zija akaziika m'jumbo, jumbo imachita kufota. Pochapa, sopo wamtanda alibe mapaketi ambiri ngati waufa uja.

Chovuta pa zonsezi ndi kuiwala basi. Kachikwamako muzikapachika pa msomali womwe mumapachika kiyi wa nyumba. Ndipo musadziikire lamulo loti jumbo ayi mpaka kalekale. Usipa wauwisi kapena nyama, nanenso ndimalandira jumbo. Yomwe yabwera muitsuke, muyanike, igwirenso ntchito. Ziwerengeni za sabata ino, sabata yamawa muyesetse kuti zikhale theka. Muyeso wake ndi umenewo.

Komanso poti muli mabanja asanu, lankhulani ndi amayi anzanuwo, mwina tsiku lina mungasonkherane kugula chigubu cha mafuta cha malita asanu n'kugawana m'mabotolo. Zimatsikirako mtengo.

Wa ku Joni:

Achemwali, zonse zanenedwazi ndi zabwino, koma ine nkhawa yanga ili apa: dzala ndi la mabanja asanu. Inu mutasiya kutayako zowola, anayi enawo akapitiriza, utsi ulowabe m'nyumba mwanu. Ndiye pa zolinga zanu pakhale china chokhudza poloti yonse, ndipo alandilodi adziwe, poti malo oika matumbawo ndi awo. Auzeni za phindu lawo, kuti dzala likachedwa kudzaza sakumbitsa lina msanga.

Kuno ku Johannesburg, tsiku lotenga zinyalala, kusanache anthu amakhala ali kale m'misewu kukoka matrole okhala ndi zimatumba zikuluzikulu. Amatsegula mabini, kutola mabotolo a pulasitiki, zitini ndi makatoni, n'kukagulitsa pa sikelo. Moyo wawo ndi umenewo. Nyumba yomwe imawaikira zimenezi pambali, zoyera, amaidziwa ndipo savundula bini lake.

Kwathunso anthu otere alipo, kungoti sitiwawerengera. Amayi a thobwa ndi a malambe amafuna mabotolo. Anyamata a zitsulo zakutha amayenda m'makwalala. Okhoma zidebe amapanga mbaula ndi koloboyi kuchokera ku malata ndi zitini. Ikani thumba limodzi la poloti yonse la zinthu zimenezi, zisafike pamoto. Ndalama yake ndi yochepa, koma mwana angagulire pensulo.

Paja kwathu kudakhazikitsidwa tsiku losesa la dziko lonse mu 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Mutha kutengerapo mwayi, tsiku limenelo mabanja onse achotse majumbo pa kalavati paja mvula isanayambe. Ku Rwanda adaletsa majumbo mu 2008, ndipo Loweruka lomaliza la mwezi anthu amatuluka kukagwira ntchito ya m'mudzi limodzi. Likulu lawo, Kigali, lidayera chifukwa lamulo ndi manja a anthu zidayendera pamodzi.

Namwino wa ku Area 25:

Palibe amene wakhudza matewera, pamene kwa mayi wa khanda ndi pomwe pagona nkhani. Mapampasi sawola, sapsa bwino, agalu amawafukula n'kuwamwaza pabwalo, ndipo muli chimbudzi cha mwana. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, momwe idatengera anthu. Chimbudzi cha mwana chimafalitsa matenda chimodzimodzi cha wamkulu.

Sindikuuzani kuti musiyiretu, chifukwa walira mvula walira matope: matewera ansalu amafuna madzi ndi sopo, ndipo madzi a pa kiyosiki ndi ogula. Chotheka ndi ichi: ansalu masana mukakhala pakhomo, pampasi usiku ndi paulendo wa kusikelo kapena kutchalitchi. Pamenepo mwachepetsa kale kwambiri, ndi ndalama yomwe. Pampasi wogwiritsidwa ntchito, yambani mwakhuthulira chimbudzicho m'chimbudzi, mumukulunge, akwiriridwe mozama poti galu sangafike. Osamuponya m'chimbudzi chokumba, chimadzaza msanga ndipo opopa amavutika. Musambe m'manja ndi sopo pambuyo pake. Matewera musawaike m'thumba la manyowa lija.

Ndipemphenso chinthu chimodzi, chifukwa mwatchula chifuwa cha mwana. Ambiri timayatsira mbaula ndi jumbo poti imagwira moto msanga. Utsi umenewo ndi woipa, ndipo woupuma ndi mayi amene wawerama kukupiza ndi mwana ali kumbuyo. Zitsononkho zouma, timitengo kapena kapepala ka nyuzi zimayatsa bwinobwino. Chimodzimodzi kuvundikira mbatata kapena chimanga ndi jumbo pophika, gwiritsani ntchito chivundikiro kapena makoko a chimangacho. Mabatire otha ndi mabotolo opopera mankhwala a udzudzu asapite pamoto, amaphulika. Mabotolo opatsa amayi a thobwa akhale a zakumwa okhaokha, osati omwe munali palafini kapena mankhwala. Mwanayo akapitiriza kutsokomola usiku, mupite naye kuchipatala akamuone.

Mayi wa ku Bangwe:

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Ndasankha motere. Mwezi uno ndi wa zowola ndi kusiya kuyatsira mbaula ndi jumbo, poti ziwirizi sizifuna ndalama. Kachikwama ndasiya kale chitenje kwa telala, ndiyamba kuwerenga majumbo mwezi wamawa. Za matewera ndidikira kaye, ndiyenera kugula ansalu okwanira, omwe ndili nawo ndi ochepa.

Alandilodi ndalankhula nawo dzulo. Poyamba amakana, ati zibweretsa makoswe, koma nditawafotokozera kuti simulowa nsima kapena nsomba, ndi kuti manyowa ena adzathira pa nthochi zawo, avomera pakona ya mpanda. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe wati nayenso azithira makoko ake m'thumba lomwelo. Atatu enawo akungoyang'ana kaye.

Aphunzitsi, funso lina: pakona pomwe andipatsapo ndi pamtetete, ndipo mvula yayandikira. Thumba silidzaza madzi?

Mphunzitsi wopuma, Zomba:

Lidzaza mukalisiya pansi, mayi. Liikeni pamwamba pa njerwa zitatu kapena zinayi kuti madzi oyenda azidutsa pansi, mubowole timabowo tingapo kunsi kwake, pamwamba muvundikire ndi chidutswa cha lata n'kutsamiritsa mwala. M'mbali musakute, mpweya uzilowa. Ndipo yambani lero kutolera masamba ouma, mudzaze thumba lina musunge pakhonde, chifukwa mvula ikangoyamba zouma zimasowa, pamene poti tsopano muli mabanja awiri mudzazifuna zambiri.